Galimoto yatsopano ikuvutavuta, kampani ikungokuzungulitsani: zoyenera kuchita

Galimoto sinathe ndi miyezi itatu yomwe chigulireni, koma kagetsi ka injini kayaka kale kawiri. Mwaipititsa kwa amene anakugulitsani, yagona masiku awiri, akubwezerani ndi mawu akuti "sitinapeze vuto lililonse." Mukaimba foni kulikulu la kampani akuti bwererani kwa dila (wokugulitsani uja), dila naye akuti akudikira yankho la kulikulu. Ambiri amagonjera pamenepa. Ena amaigulitsa motchipa kuti ingowachoka, ena amangolalata pakauntala ulendo uliwonse mpaka waranti itatha.

Mlandu wotere sauwina ndi ukali, amauwina ndi mapepala. Kwa kampani, vuto lomwe silinalembedwe silinachitike. Ndiye ntchito yanu yonse ndi yoonetsetsa kuti nthawi iliyonse galimoto yavuta, ndiponso nthawi iliyonse yalowa m'galaja, pakutsala pepala lokhala ndi tsiku, makilomita ndi dandaulo lanu m'mawu anu.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Pangano logulira galimoto, lisiti, ndi pangano la ngongole ngati munagula pangongole
- Buku la waranti, buku la malangizo a galimoto ndi buku la sevisi
- Nambala ya VIN, yozindikiritsa galimoto yanu. Imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, mulibe zilembo I, O ndi Q. Muipeza m'munsi mwa galasi lakutsogolo kapena pachipilala cha chitseko
- Kope limodzi la nkhani imeneyi yokha
- Fayilo yosungira mapepala, ndi malo ena pafoni kapena pakompyuta osungira zithunzi zake
- Foni yotha kujambula kanema
- Imelo yomwe mumaitsegula tsiku ndi tsiku
- Kachipangizo ka OBD-II kowerengera makhodi (manambala omwe kompyuta ya galimoto imasunga ikaona vuto), ngati mungakapeze. Si kokakamiza koma kamathandiza kwambiri

1. Onani kaye ngati galimotoyo ili yoyendetseka

Kagetsi kofiira pa dashibodi ndi koti muime. Ka oilo kakayaka injini ikulira, zimitsani pompo, chifukwa injini yopanda mphamvu ya oilo imawonongeka m'mphindi zochepa. Chimodzimodzi ka kutentha kwa injini ndi ka mabuleki. Kagetsi ka injini kachikasu kakangoyaka chiyakire, mutha kuyenda pang'onopang'ono mpaka kugalaja. Koma kakamathwanima, ndiye kuti silinda ina sikutentha mafuta bwino, ndipo mafuta osapsawo akupita ku ekizozi komwe angaotche catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi.

Vuto likakhala la mabuleki, chiwongolero, kuzima kwa injini muli pamsewu, fungo la mafuta kapena utsi, itanitsani galimoto yokoka. Magalimoto ambiri atsopano amabwera ndi nambala ya chithandizo cha pamsewu, yalembedwa m'buku la waranti. Lisiti la okokawo nalonso ndi umboni, lisungeni.

Chenjezo: mukapitiriza kuyendetsa kagetsi kofiira kali chiyakire, kompyuta ya galimoto imatha kusunga zimenezo. Kampani idzanena kuti munaiwononga ndinu, ndipo pamenepo idzakhala ndi poyambira.

2. Werengani waranti, makamaka zomwe ikukana

Waranti imatha ndi zaka kapena ndi makilomita, chomwe chayamba kukwana. Yodziwika kwambiri ndi ya zaka 3 kapena makilomita 100,000, ngakhale makampani ena amapereka zaka 5 kapena 7. Lembani tsiku lothera ndi makilomita othera patsamba loyamba la kope lanu. Onaninso tsiku loyambira: nthawi zambiri ndi tsiku lomwe galimoto inalembetsedwa koyamba, ndiye ngati munagula yomwe inali yoonetsera makasitomala, mwina miyezi ingapo inadyeka kale.

Kenako pitani pamndandanda wa zomwe waranti siikhudza. Kawirikawiri ndi zinthu zomwe zimatha ndi ntchito, monga matayala, mabuleki padi, kilatchi ndi mawaipa, komanso kuwonongeka kobwera ndi mafuta oipa, ngozi, kudumphitsa sevisi kapena kusintha zinthu pagalimoto. Apa ndi pomwe kampani imathawira ikafuna kukana.

Chenjezo: ngakhale mwakwiya chotani, sevisi musaidumphitse. Ichitike panthawi yake, ndi oilo wa mtundu womwe buku likunena, ndipo invoisi yake isungidwe.

3. Lilembeni vutolo nthawi iliyonse likachitika

Mavuto ovuta kwambiri pagalimoto yatsopano ndi obwera n'kumapita. Lero yachita, mawa pamaso pa makaniko ili bwinobwino ngati mwana wakuba akaona alendo. Mankhwala ake ndi kope. Lembani tsiku, nthawi, makilomita, liwiro, giya, ngati injini inali yozizira kapena yotentha, nyengo, kuchuluka kwa mafuta m'thanki, ndi chomwe munachita kuti vuto lisiye. Mwachitsanzo:

"Lachiwiri, 7:10 m'mawa, makilomita 3,412. Injini yozizira, ndayenda mphindi 4. Ndikuchoka pamaloboti, giya yachiwiri yalowa mogunda, galimoto yatha mphamvu, sikupitirira 40 km pa ola. Kagetsi ka injini kayaka. Ndazimitsa, ndadikira mphindi imodzi, ndalizanso, mphamvu yabwerera koma kagetsi sikanazime."

Mukalemba kasanu kapena kasanu ndi kamodzi motere, mumayamba kuona nokha kuti vuto limakonda nthawi iti. Mwina ndi m'mawa mokhamokha, mwina pamtunda, mwina ikanyowa ndi mvula. Chimenechi ndi chomwe makaniko amafunikira kuti alipeze.

Jambulaninso kanema. Muoneke dashibodi yonse, makilomita akuwerengeka, kagetsi kakuoneka, ndipo wailesi ikhale yozimitsa kuti phokoso limveke. Nenani tsiku ndi nthawi mokweza pomwe mukujambula. Ajambule ndi amene mwakwera naye, kapena imani kaye pambali.

4. Werengani makhodi, koma musawafufute

Magalimoto a masiku ano ali ndi polumikizira pa mapini 16, kawirikawiri pansi pa dashibodi mbali ya dalaivala. Ku United States polumikizirapa panakhala lamulo kuyambira pa magalimoto a 1996, ndipo ku Ulaya pa a petulo kuyambira 2001. Mukalowetsapo kachipangizo ka OBD-II, kamaonetsa khodi ya chilembo chimodzi ndi manambala anayi. P ndi za injini ndi giyabokosi, B ndi za m'thupi la galimoto monga ma airbag, C ndi za mabuleki ndi chiwongolero, U ndi za kulumikizana kwa makompyuta a m'galimotomo.

Ena mwa makhodi omwe amaonekaoneka: P0300 ndi masilinda osiyanasiyana osatentha mafuta bwino, P0301 ndi silinda yoyamba, P0171 ndi mpweya wochuluka kuposa mafuta, P0420 ndi catalytic converter yosagwira bwino ntchito, P0700 ndi vuto lomwe kompyuta ya giyabokosi yanena, U0100 ndi kuduka kwa kulumikizana ndi kompyuta ya injini. Jambulani sikirini yake. Ngati kachipangizoko kamaonetsa freeze frame, jambulaninso, chifukwa imasonyeza liwiro, kutentha ndi kuzungulira kwa injini panthawi yeniyeni yomwe vuto linachitika.

Khodi imangoloza dera lomwe pali vuto, sitchula chitsulo chomwe chafa. P0171 ikhoza kubwera ndi paipi yong'ambika, sensa yakuda kapena pampu ya mafuta yofooka. Choncho musapite kugalaja ndi chigamulo chanu.

Magetsi ambiri osagwirizana akayakira limodzi, kaikirani batire. Yodzaza bwino imaonetsa pafupifupi 12.6 V injini ili chizimire, ndipo ikatsikira cha ku 12 V makompyuta amayamba kubwebweta. Galimoto yatsopano yomwe inakhalitsa pamalo ogulitsira imatha kubwera ndi batire yofooka kale.

Chenjezo: musadine kofufutira makhodi ndipo musachotse waya wa batire. Kagetsi kazima, inde, koma umboni wanu wapita nako limodzi.

5. Fufuzani ngati vutolo likudziwika kale

Pali zinthu ziwiri zoti musazisokoneze. Recall ndi pamene kampani yaitanitsa magalimoto kuti akonzedwe, makamaka pa nkhani za chitetezo, ndipo kukonzako ndi kwaulere. Chitsanzo chodziwika ndi cha ma airbag opangidwa ndi kampani ya Takata, omwe anakhudza magalimoto mamiliyoni ambiri a makampani osiyanasiyana. Masamba a pa intaneti a makampani ambiri ali ndi polembapo VIN n'kuona ngati galimoto yanu yaitanidwa. Ku United States bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu la NHTSA lili ndi tsamba lotere, ndipo ku Britain boma lili ndi lake.

Chinacho ndi technical service bulletin, mwachidule TSB. Imeneyi ndi kalata yomwe kampani imatumizira magalaja ake kuwauza kuti mtundu wakutiwakuti uli ndi vuto lakuti, konzani motere. Mwini galimoto sauzidwa. Fufuzani pa intaneti mtundu wa galimoto yanu, chaka chake, injini yake ndi khodi ija. Mukapeza TSB yofanana ndi vuto lanu, lembani nambala yake. Munthu wofika pakauntala ndi nambala ya TSB amalandiridwa mosiyana ndi wongoti "ikumveka zachilendo."

6. Pakauntala: job card ndiyo mlandu wanu wonse

Apa ndi pomwe ambiri amaluzira osadziwa. Wokulandirani amamva nkhani yanu ya mphindi zisanu, n'kulemba pa job card, pepala lolembapo ntchito yoti ichitike pagalimoto yanu, mawu anayi: "onani kagetsi ka injini." Inu n'kusaina. Patha miyezi, mukanena kuti galimoto yabwera kanayi ndi vuto limodzi, kampani imatulutsa ma job card anayi: ina ikuti kagetsi, ina ikuti phokoso, ina ikuti sevisi, ina ikuti kusintha pulogalamu ya kompyuta. Papepala ndi nkhani zinayi zosiyana, iliyonse yochitika kamodzi.

Ndiye chitani izi. Lembani dandaulo lanu kunyumba, mizere itatu kapena inayi, mapepala awiri ofanana. Fotokozani zomwe galimoto ikuchita, osati zomwe mukuganiza kuti zafa. Musati "sinthani giyabokosi." Nenani kuti "injini ikakhala yozizira, giya yachiwiri imalowa mogunda, galimoto imatha mphamvu ndipo kagetsi ka injini kamayaka. Zachitika kasanu m'masabata atatu." Mukatchula chitsulo, asintha chitsulocho, ndipo vuto likapitirira adzati tinachita zomwe munapempha.

Pemphani kuti mawu anuwo alembedwe pa job card momwe alili, kapena pepala lanu alimatike pamenepo. Ngati ndi ulendo wachiwiri, palembedwe kuti ndi vuto lomwe lija labwereranso, ndi nambala ya job card yoyamba. Gwiritsani ntchito mawu omwewo ulendo uliwonse, ngakhale akutopetseni. Musanasaine, onani zinthu zinayi: tsiku, makilomita, VIN ndi dandaulo. Tengani kope lake, akakana lijambuleni ndi foni ali pomwepo.

Wokulandiraniyo muyankhuleni mwaulemu. Si iye anapanga galimotoyo, ndipo ndi iye angaike fayilo yanu pamwamba kapena pansi pa mulu. Mawu ngati "Pepani achimwene, ndisanasaine tandiwonjezerani mzere uwu" amatsegula zitseko zambiri kuposa kumenya tebulo.

Funsaninso ngati akupatsani galimoto yobwereka. Akakana, sungani malisiti a zonse zomwe mwawononga pa mayendedwe. Jambulani galimoto yanu mbali zonse zinayi ndi dashibodi musanasiye makiyi.

7. Potenga galimoto

Musachoke opanda invoisi, ngakhale simunalipire kanthu. Ntchito ya waranti nayonso imakhala ndi pepala lake. Pazioneka tsiku lolowa ndi lotuluka, makilomita olowera ndi otulukira, makhodi omwe anapeza, zomwe anachita, ndi manambala a zipangizo zomwe anasintha. Akati "tikutumizirani," dikirani pomwepo mpaka imelo ilowe.

Yerekezani makilomita awiriwo. Ngati alemba kuti anaiyesa pamsewu koma makilomita sanasinthe, funsani. M'kope lanu muziwerengetsa masiku onse omwe galimoto yagona m'galaja, kuphatikizapo odikira zipangizo, chifukwa malamulo ena amawerengera masiku amenewa.

8. Akati "sitinapeze vuto" kapena "ndi mmene zimakhalira"

Nthawi zina akunena zoona. Galimoto yaima m'galaja, makaniko waizungulitsa mphindi khumi injini ili yotentha, vuto lanu ndi la m'mawa kukuzizira. Komanso dziwani kuti dila amalipidwa ndi kampani pa ntchito ya waranti, ndipo nthawi yofufuza vuto lomwe silinapezeke imavuta kuti ailipitse. N'chifukwa chake safuna kutaya maola ambiri pa vuto losaoneka.

Athandizeni kulipeza. Pemphani kukwera limodzi ndi makaniko wamkulu, inu mukuyendetsa, pamsewu ndi nthawi yomwe vuto limakonda. Ngati ndi la m'mawa, isiyeni igone ndipo mufike m'mawa asanailize. Funsani ngati angaike chipangizo chojambula zomwe kompyuta ikuona kwa masiku angapo mukuyenda nayo. Pemphani kuti atsegule nkhani ku ofesi ya akatswiri a kampani, kapena aitane injiniya wa kampani woyendera magalaja. Madila ali ndi njira imeneyi, kungoti saiyamba msanga popanda wowakakamiza.

Akanena kuti zonse zimatero, pemphani muyendetse ina ya mtundu womwewo, injini yomweyo, pamsewu womwewo. Ikachita chimodzimodzi, mwina akunena zoona: magiyabokosi ena a makilatchi awiri amanjenjemera pang'ono poyenda pang'onopang'ono, ndipo galimoto ya dizilo yoyenda maulendo afupiafupi okha imatsekeka sefa ya mwaye ya ku ekizozi. Ikapanda kuchita, pemphani zimenezo zilembedwe. Ngati nkhani ndi kudya oilo, pemphani muyeso wovomerezeka: amathira oilo mpaka pamzere, n'kulemba makilomita, inu n'kudzabweranso mutayenda mtunda womwe agwirizana nanu. Musathiremo oilo pakatipa osawauza. Onaninso malire omwe buku lanu likunena, chifukwa mabuku ena amalola mpaka lita imodzi pa makilomita 1,000, zomwe zimadabwitsa eni magalimoto ambiri.

Ngakhale alembe kuti sanapeze kanthu, tengani pepalalo. Likusonyeza kuti munadandaula waranti isanathe. Muthanso kupita kwa dila wina wovomerezeka wa kampani yomweyo, chifukwa waranti ya kampani simangiriridwa kwa amene anakugulitsani yekha.

9. Kukambirana ndi likulu la kampani

Galimoto ikabwerera kachiwiri ndi vuto lomwelo, yambani kulankhula ndi ofesi yothandiza makasitomala ya kampani. Wolandira foni koyamba nthawi zambiri alibe mphamvu yosintha galimoto kapena kubweza ndalama. Ntchito yake ndi kulemba ndi kukubwezani kwa dila. Musataye naye mphamvu. Kwa iye mukufunako zinthu zitatu: nambala ya nkhani yanu, dzina la amene aiyendetse, ndi tsiku lomwe akuyankheni.

Mukangotsitsa foni, tumizani imelo yobwereza zomwe mwakambirana: lero nthawi yakuti ndinalankhula ndi akutiakuti, nambala ya nkhani ndi iyi, munalonjeza kuti mundiyankha pofika tsiku lakuti. Lonjezo la pafoni ndi mphepo, imelo imeneyi ndiyo imalisandutsa pepala. Maimelo onse aziyenda pansi pa mutu umodzi wokhala ndi VIN ndi nambala ya nkhani. Tsiku likadutsa osayankhidwa, lembaninso m'mawa mwake ndipo pemphani kuti nkhani ipite kwa wamkulu wawo.

Akayamba kukankhirana, dila akuti kulikulu, kulikulu akuti kwa dila, alembereni imelo imodzi onse awiri n'kufunsa funso limodzi: ndani mwa inu akuyenera kupereka chigamulo, ndipo apereka liti?

Chenjezo: makampani ena amatseka nkhani mwakachetechete galimoto ikangotuluka m'galaja. Vuto likabwerera, uzani kuti atsegule nambala yakale ija, asakupatseni yatsopano. Za kujambula mawu a pafoni, malamulo amasiyana m'mayiko, kwina n'koletsedwa popanda chilolezo cha winayo. Imelo ndiyo njira yopanda chiopsezo.

10. Dziwani zomwe lamulo la komwe munagula likunena

Waranti ndi lonjezo la kampani, ndipo nthawi zambiri imalonjeza kukonza kokha. Ufulu wobweza galimoto kapena kusinthitsa umachokera ku lamulo loteteza ogula, lomwe limasiyana dziko ndi dziko. Zitsanzo izi zikusonyeza zoyenera kufufuza m'lamulo la kwanu.

Ku Britain, Consumer Rights Act ya 2015 imapatsa wogula masiku 30 oti akane katundu wolakwika n'kubwezeredwa ndalama. Akadutsa masikuwo, wogulitsa amapatsidwa mwayi umodzi wokonza kapena kusintha, ukalephereka wogula atha kukana galimotoyo, ngakhale amachotserako ndalama ya mtunda womwe yayenda. M'miyezi 6 yoyambirira, ndi wogulitsa amene ayenera kusonyeza kuti vutolo panalibe pogula. M'mayiko a European Union wogula ali ndi chitetezo cha zaka zosachepera 2. Ku South Africa, gawo 56 la Consumer Protection Act ya 2008 limapereka miyezi 6 yoti wogula abweze katundu wolakwika n'kusankha kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Ku United States chigawo (state) chilichonse chili ndi lamulo lake lomwe amalitcha lemon law. La ku California limaona galimoto ngati yolephereka ngati, m'miyezi 18 kapena mamailosi 18,000 oyambirira, yakonzedwa kanayi vuto limodzi osatheka, kapena kawiri pa vuto loti likhoza kupha kapena kuvulaza kwambiri, kapena yakhala m'galaja masiku opitirira 30.

Taonani kuti malamulo onsewa akuwerenga zinthu zomwe zija: masiku, maulendo ndi vuto limodzi lobwerezabwereza. Fufuzaninso kuti lamulo la kwanu likuloza ndani. Ku Britain ndi ku Ulaya mlandu umapita kwa wogulitsa, pomwe ma lemon law a ku United States amaloza kampani yopanga. Ngati galimoto ili pangongole yoti mwini wake akadali kampani yobwereketsa ndalama, iwonso auzeni molemba, chifukwa m'mayiko ena ndi iwo amene lamulo limawaona ngati okugulitsani.

11. Lembani kalata yomaliza

Ikhale ya tsamba limodzi, yopanda mawu achipongwe. Pamwamba ikani mtundu wa galimoto, VIN, tsiku logula, makilomita ndi nambala ya nkhani. Kenako vuto m'mizere iwiri, mndandanda wa maulendo onse a kugalaja ndi masiku omwe inagonako, ndi chiwerengero cha masiku onse pamodzi. Pomaliza nenani chinthu chimodzi chomwe mukufuna, kaya kusinthiridwa galimoto, kubwezeredwa ndalama, kapena mwayi umodzi womaliza wokonza, ndipo ikani malire, mwachitsanzo masiku 14. Tchulani komwe mupite akapanda kuyankha.

Tumizani kwa dila ndi kukampani, pa imelo komanso pa njira yoti wolandira asainire. Buku la waranti nthawi zina limatchula keyala yeniyeni yotumizirako madandaulo otere, ndipo malamulo ena amafuna kuti kampani yopanga iuzidwe mwachindunji musanapite patsogolo. Phatikizanipo makope okha, mapepala enieni akhale ndi inu.

Chenjezo: musaopseze ndi loya ngati simunakonzeke. Makampani ena akangomva mawu amenewo, ofesi ya makasitomala imasiya kukuyankhani n'kupereka fayilo kwa maloya awo.

12. Pitani nayo kunja kwa kampani

Malire akadutsa, pezani katswiri woima payekha ayeze galimotoyo n'kulemba lipoti: vuto ndi lotani, lachokera pati, ndipo kodi ndi la kufakitale kapena la kayendetsedwe. Muuzeni kuti ayeze chabe, asamasule kapena kukonza chilichonse.

Kenako kadandauleni ku bungwe loweruza madandaulo a zamagalimoto ngati liliko, monga The Motor Ombudsman ku Britain kapena Motor Industry Ombudsman of South Africa, apo ayi ku bungwe la boma loteteza ogula. Mabungwe otere amafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kukampani, ndipo amakhala ndi nthawi yoikika yolandirira madandaulo. Funsani ngati chigamulo chawo chimakutsekerani njira ya kukhoti. Ngati vuto ndi la chitetezo, uzaninso bungwe loona za chitetezo cha magalimoto, chifukwa ma recall ena amayamba ndi madandaulo ofanana ochokera kwa anthu ambiri.

Khoti ndi lomaliza. Makhoti a milandu ing'onoing'ono amakhala ndi malire a ndalama omwe mtengo wa galimoto yatsopano umawapitirira, choncho apa ndi pofunika loya wodziwa malamulo a ogula.

13. Akabwera ndi chopereka, werengani musanasaine

Kampani ikaona fayilo yokwanira, imatha kupereka sevisi yaulere, kuwonjezera waranti, ndalama pang'ono, kusintha galimoto kapena kuigula. Waranti yowonjezera ndi yabwino ngati vuto lathadi. Ngati silinathe, angokuwonjezerani zaka zopita kugalaja.

Akati aigula, funsani masamu onse papepala: akuchotsa zingati pa mtunda womwe mwayenda ndipo awerengera kuyambira makilomita ati, nanga msonkho, ndalama yolembetsera, chiwongoladzanja ndi ngongole yotsala zikhala bwanji. Samalani ndi dila amene akuti mubweze yovutayo mutenge ina, koma akuiwerengera mtengo wa galimoto yakale. Kumeneko ndi kukugulitsani galimoto yachiwiri, vuto la fakitale mwalipira ndinu. Onaninso ngati pepalalo lili ndi mawu oti simudzadandaulanso za galimotoyi kapena simudzauza munthu. Pitani nalo kunyumba, ndipo ngati ndalama zake ndi zambiri, loya aliwerenge.

Zolakwika zomwe zimagwetsa anthu ambiri

Kusiya kubweza ngongole. Pangano la ngongole ndi losiyana ndi la waranti. Mukasiya kulipira, galimoto ilandidwa ndipo mbiri yanu ya ngongole iwonongeka, mlandu wa vuto lija usanamveke n'komwe. Inshuwalansi nayonso isadukize, ngakhale galimoto ili m'galaja.

Kupita nayo kwa makaniko wapadera kuti "angoonako." Malamulo ena, monga Magnuson-Moss Warranty Act ya 1975 ku United States, salola kampani kukana waranti chifukwa choti sevisi inachitikira kwina basi. Komabe pa chitsulo chenicheni chomwe mukukanganirana, wina akangomasulapo, kampani yapeza pothawira.

Kuikamo zinthu zowonjezera nkhani ili mkati. Alamu, wailesi ina, magetsi owonjezera kapena kusintha pulogalamu ya injini, zonsezi zimakhudza mawaya ndi makompyuta. Pa vuto lamagetsi, ndi choyamba chomwe adzaloze.

Kulola kukonzeredwa "mwachibale" popanda job card. Makaniko wakukomerani mtima, wafufuta khodi pabwalo m'mphindi zisanu, inu mwapita mukusangalala. Ulendo umenewo suwerengedwa paliponse.

Kudikira sevisi yotsatira kuti mukanenere limodzi. Masiku 30 kapena miyezi 6 ya lamulo siidikira sevisi.

Kusiya galimoto pageti la dila n'kuponya makiyi. Popanda kalata yonena kuti mukuikana ndi chifukwa chake, ena amayamba kukulipiritsani malo oimikapo. Komanso mukalemba kuti mwaikana, funsani kaye malangizo musanapitirize kuiyendetsa tsiku ndi tsiku, chifukwa kutero kungafooketse mlandu wanu.

Kuthamangira pa Facebook ndi mawu okokomeza. Kulemba poyera nthawi zina kumafulumizitsa yankho, koma lembani zokhazo zomwe mapepala anu angatsimikize: masiku, maulendo ndi nambala ya nkhani. Musatchule maina a ogwira ntchito, ndipo VIN yonse ndi nambala ya galimoto zibiseni pazithunzi zomwe mukuika.